Mpira usamathawe phazi: zomwe tachita ndi mwana wanga kuseri kwa nyumba

26 Epulo 2025

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13 ndipo amasewera pakati mu timu ya atsikana ya kwathu kuno ku Bangwe. Liwiro ali nalo, mtima ali nawo. Chomwe chikumupweteka n'chimodzi: mpira ukamubwerera umagunda phazi n'kudumpha ngati wamenya mwala, ndiye iye amayamba kuuthamangitsa m'malo mousewera. Lero ndinapita kugalaundi ndi kope n'kumalemba. Mpira unamupeza maulendo 17. Pa maulendo 11 unapita kwa adani iye asanaukhudze kachiwiri.

Pobwerera anali duu mpaka tinafika pamsika. Kenako anati, "Adadi, akochi akuti ndikapitiriza chonchi ndiziyambira pa benchi." Chithunzi cha Temwa Chawinga anachimata pakhoma pafupi ndi bedi lake chaka chatha, pomwe Temwa anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku America. Mwana wotere benchi imamuwawa kwambiri.

Ine mpira ndinasewerako ndili mnyamata, koma za ukochi sindinaphunzire. Ndiye ndizilemba zonse, zoyenda ndi zolephereka, kuti makolo ena aone poyambira. Madzulo ano tinayesa kaye pomwe ali. Ndinajambula bokosi la phulusa, mita imodzi ndi theka mbali zonse, iye n'kuima m'katimo. Ine ndinaima mapazi khumi kutali n'kumamupatsira mipira 20 phazi lililonse, yoti ikhale m'bokosimo. Lamanja: 7. Lamanzere: 2.

3 Meyi

Ndagula mpira mumsika wa Limbe pa K27,000, wonyezimira bwino, ndi pampu ya K8,500 yokhala ndi singano imodzi. Makoni sindinagule. Tatolera mabotolo asanu ndi atatu a Sobo n'kuthiramo mchenga. Khoma lomenyetsapo mpira ndi lakuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi, la njerwa zootcha zopanda pulasitala. Tagwirizana mphindi 25 akaweruka kusukulu, masiku anayi pa sabata.

Tsiku loyamba lomwelo singano inathyokera pavalavu chifukwa ndinailowetsa youma. Ndinaitulutsa ndi kapulayasi, mwayi valavu sinaonongeke. Ndagula zina zitatu pa K1,500, ndipo tsopano ndimanyowetsa kaye ndi madzi a sopo.

Ndinalakwitsanso popopa. Ndinaupopa mpaka kuuma gwa, poganiza kuti ndiwo mpira weniweni. Pa dothi louma la katondo mpira wotere sugwirika, ndipo mwana ankautchinga ndi mantha. Malamulo a mpira amalola mpweya wochokera pa 0.6 kufika pa 1.1 atmosphere (muyeso wa kulimba kwa mpweya mu mpira), kusonyeza kuti pakati pake pali mpata waukulu. Choyezera ndilibe, ndiye ndimachita chonchi: ndimaugwetsa kuchokera pamutu panga, ukabwerera cha m'chiuno ndiye kuti uli bwino, ndipo zala zazikulu ziwiri zikaukanikiza uzilowa pang'ono.

17 Meyi

Mpira uja watha. Masabata awiri okha, njerwa zausenda ngati mbatata. Osoka nsapato pa siteji anautembenuzatembenuza n'kundibwezera. Anati chikopa chake n'chapulasitiki yopyapyala, ulusi ungong'amba. Anandilangiza kufuna wosokedwa ndi manja ngakhale utakhala wakale. Ndaupeza pa kaunjika pa K35,000, wofumbwa koma wolimba. Wogulitsa ankandikakamiza saizi 4 poti ndi wa mwana, ine ndinakana. Timu yawo imasewera ndi saizi 5, wa masentimita 68 mpaka 70 kuzungulira ndi magalamu 410 mpaka 450, ndipo phazi liyenera kuzolowera kulemera komwe lidzakumane nako Loweruka.

Za khoma nazo zatha. Nyumba yathu ndi yogundizana ndi ina, ndipo sindinaganize kuti kugunda kulikonse kumamveka m'chipinda mwa anzathu. Lachinayi mayi a pakhomo loyandikanalo anabwera, n'kunjuta mwaulemu, nati, "Pepanitu bambo, khanda silikugona masana." Anapirira masiku ambiri asanalankhule. Ndinapepesa ndipo tasiya tsiku lomwelo.

31 Meyi

Mmisiri wa matabwa watikhomera chotchinga choti chilowe m'malo mwa khoma. Matabwa atatu a paini, otalika mita imodzi ndi masentimita 20, osanjikizana cham'mbali, ndi miyendo iwiri yothandizira kumbuyo. Matabwa K21,000, misomali K3,500, ntchito K8,000. Tachiika kumunsi kwa bwalo, kutali ndi mazenera.

Poyesa koyamba chinatikhumudwitsa. Mpira ukagunda, thabwa limasunthira m'mbuyo ndipo mpira umabwerera wofooka, kufera panjira. Mphamvu yonse imathera pokankha thabwalo. Ndinakhoma zikhomo ziwiri za bulugamu kumbuyo kwa miyendo n'kusanjikapo matumba awiri a mchenga. Zitatero mpira unayamba kubwerera ndi ukali wake.

Chinthu china tinachitulukira mwangozi. Njerwa imodzi itatsalira pansi pa thabwa kutsogolo, nkhope yake inapendekera kumwamba ndipo mpira unkabwerera m'mwamba, cha m'mabondo ndi m'ntchafu. Tsopano tikafuna mipira yodumpha timangolowetsapo njerwa. Chiswe chinayamba kukwera miyendo patangotha masiku anayi, ndiye ndapaka oyilo wakuda wa galimoto yemwe amakanika anandipatsa ulere, ndipo usiku timachikweza pa njerwa.

14 Juni

Sabata ziwirizi zathera pa phazi lenilenilo. Ndinamujambula ndi foni n'kuonera pang'onopang'ono. Mpira ukamabwera amaima chilili, zidendene zili pansi, mwendo wowongoka, kenako n'kutambasula phazi kukakumana ndi mpirawo. Zinthu ziwiri zolimba zikagundana, chopepukacho chimathawa.

Kulongosola ndi pakamwa sikunathandize. Ndinamutengera pomwe akumanga nyumba kumtunda kwathu kuti aone anyamata akuponyerana njerwa kupita pa sikafodi. Wolandirayo satchinga njerwa ndi manja ouma. Amaitsatira, manja n'kubwerera nayo pang'ono, ndipo njerwa imafika osaphwanyika, iye osapweteka. Anayang'ana kwa kanthawi nati, "Ndiye phazi lizithawa pang'ono?" Kuyambira tsiku limenelo mawu athu akhala akuti "landira njerwa". Phazi limatukuka pang'ono kuti likhudze pakati pa mpira, chala chachikulu chili m'mwamba, bondo la mwendo woimira lopinda, ndipo thupi lili pa zala osati pa zidendene.

Ndinakumbuka kuti ife tinakulira pa chikulunga cha majumbo ndi zingwe. Chikulunga sichidumpha, chimafera pa phazi chokha. N'chifukwa chake ambiri a ife tinkadziwa kudyetsa njomba koma tsiku lomwe tinapatsidwa mpira wachikopa unkatithawa. Ana a m'makwalala mwathu akadali pomwepo.

Lamanzere lavuta mpaka misozi. Amalizemba, amazungulira mpira kuti ufike kulamanja. Ndaika lamulo lakuti mphindi khumi zoyambirira ndi za lamanzere lokha, akadali ndi mphamvu, osati kumapeto atatopa monga ndinkachitira poyamba. Ndinamuonetsanso chigoli cha Dennis Bergkamp cha mu World Cup ya 1998, pomwe Netherlands inagonjetsa Argentina ku Marseille: mpira wautali wochokera kwa Frank de Boer, iye n'kuutsitsa, n'kuupititsa mkati mwa wotchinga, n'kumenya. Kukhudza katatu kokha. Ndinamuuza kuti munthu ameneyu ali mwana ku Amsterdam ankakhalira kumenyetsa mpira pakhoma. Mayeso a lero: lamanja 13, lamanzere 7.

5 Julayi

Taima. Ataona manambala akukwera, mwana anayamba kupempha masiku owonjezera, ine n'kuvomera. Tinafika masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kuphatikizapo maphunziro a kutimu, pa nthaka youma komanso m'kuzizira kwa chiperoni. Anayamba kutsimphina potsika masitepe koma ankabisa. Amayi ake ndiwo anaona. Ululu uli pansi penipeni pa bondo lamanja, pafupa lotukuka lija. Kuchipatala anati zimachitika mwa ana omwe akukula msanga akamathamanga ndi kudumpha mopyoza, ndipo anamuuza kuti apume masabata awiri. Ameneyu ndi mlandu wanga. Ndinkawerenga mipira ya m'bokosi osawerenga masiku opuma.

Kuti asataye mtima ndamugulira mpira wa tenesi pa K2,500. Amakhala pa mpando n'kumauyendetsa ndi kunsi kwa phazi, kutsogolo, kumbuyo, kuchoka phazi ili kupita linalo, ali osavala nsapato. Tikadzayambiranso ndi masiku atatu basi, ndipo tsiku lotsatira masewero palibe kukhudza thabwa.

26 Julayi

Bondo lachira. Lachinayi tinayesa ndipo anapeza 17 lamanja, 12 lamanzere. Ndinapita kugalaundi lero ndi kope langa ndili ndi chiyembekezo chachikulu.

Mpira unamupeza maulendo 14. Analandidwa maulendo 10.

Kalandiridwe kake kanali kokongola ndithu. Mpira sunathawe ngakhale kamodzi, umafika n'kugona pansi pake phee. Koma ukagona, iye mutu uli pansi kuuyang'ana, miyendo ili pamodzi, mpira uli pakati pa mapazi pomwe sangaumenye popanda kuusunthanso. Pomwe akudzutsa mutu, mtsikana wa timu inayo wafika kale kumsana. Nthawi ina mnzake wakumphepete anathamanga bwino kwambiri, njira ili pululu, akukuwa dzina lake. Mwana wanga anauziziritsa mpira, anaukoka, anatembenuka, ndipo pomwe amamuona mnzakeyo mpata unali utatsekeka. Mu Epulo mpira unkamuthawa, koma nthawi zina unkathawira kutsogolo iye n'kuupeza ndi liwiro. Lero ankaima malo amodzi ngati chikhomo, zomwe zinapeputsa ntchito ya omulonda.

Masewero atatha ndinawapeza akochi n'kuwafotokozera zomwe takhala tikuchita kunyumba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Phazi mwalikonza bambo, zimenezo ndaona. Koma mwanayu mwamuphunzitsa kuimika mpira. Pakati paja sitiimika, timapita nawo." Anandifunsa kuti akamalandira pa thabwa amayang'ana kuti. Ndinayankha kuti pa thabwa. Iwo anangogwedeza mutu.

Miyezi itatu ndakhala ndikumuyamikira mpira ukafera m'bokosi, ndipo iye wachita ndendende zomwe ndinkamuyamikira. Thabwa silithamangitsa munthu, silibwera kumsana. Nditafika kunyumba ndinatenga tsache n'kusesa phulusa lonse.

9 Ogasiti

M'malo mwa bokosi taika zipata zitatu za mabotolo, chilichonse chotambalala mita imodzi: china kumanja, china kumanzere, china kumbuyo kwake, zonse mapazi atatu kuchokera pomwe waima. Akamenya pa thabwa, mpira pobwerera uyenera kudutsa pa chipata chimodzi ndi kukhudza koyamba, ndipo iye aupeze ndi sitepe yachiwiri.

Sabata yoyamba ndinkafuula ndine: "kumanja!", "kumbuyo!" Zinkayenda, koma Lachitatu ndinazindikira kuti ndikubwereza cholakwa chomwe chija. Makutu ndiwo ankagwira ntchito, maso ali pa mpira. Ndiye ndinatseka pakamwa n'kulemba ganyu mlongo wake wamng'ono wa zaka zisanu ndi zinayi. Iye amaima kumbuyo kwa mkulu wakeyo ndipo mpira ukangochoka pa phazi kupita kuthabwa, amathamangira pa chipata chimodzi n'kuchitseka. Mwana ayenera kucheuka mpira uli panjira, aone chomwe chatsekedwa, asankhe china.

Manambala anagwa mpaka 5 pa 20. Akacheuka, mpira umamudutsa kapena kumugunda msongolo. Anakwiya n'kunena kuti ndamuonongera zomwe anali atadziwa kale. Ndinamuuza kuti ayambe kucheuka mpira ukangochoka pa phazi lake, osati ukamabwerera, chifukwa nthawi ilipo pamenepo. Tinatalikitsanso mtunda kuchoka pa mapazi asanu kufika asanu ndi atatu kuti apeze mpata.

Chomwe chinamasula zonse ndi kaimidwe. Ankaima chifuwa chitaloza thabwa, ndiye kuti aone kumbuyo ankapotoza khosi lonse. Akochi anamuonetsa kuima cham'mbali, phewa limodzi kuthabwa linalo kumbuyo, n'kulola mpira udutse kutsogolo kwa thupi kuti aulandire ndi phazi lakutali. Akatero amaona thabwa ndi mlongo wake nthawi imodzi, ndipo mpira umapitirira okha komwe akufuna kupita. Lero wapeza 11.

23 Ogasiti

Sukulu atsekera, ndiye anzake anayi a kutimu akumabwera m'mawa. Timasewera ka anayi kuzungulira mmodzi pakati, komwe ku Barcelona amati rondo. Wolakwitsa amalowa pakati. Ndinayamba ndi bwalo la mapazi asanu ndi atatu mbali zonse ndipo mpira sunkafika pa mapasi atatu. Ndinalikulitsa kufika khumi ndi awiri, ndipo ndikumachepetsa phazi limodzi akafika mapasi khumi osalandidwa. Lamulo ndi kukhudza kawiri: koyamba kuuchotsa komwe mdani akuchokera, kachiwiri kupatsira.

Apa ndi pomwe ndaona zomwe thabwa silikanatipatsa. Mapasi a anzake amabwera ena ofooka, ena aukali, ena okhota, ndipo pali munthu weniweni wofuna kulanda. Mwana wanga wayamba kusuntha mpira usanafike.

Lachiwiri mpira unagwera pa waya waminga wa mpanda wa dimba n'kuphwa. Osoka nsapato aja anamasula msoko umodzi, anamata chubu ngati cha njinga, n'kusokanso. K4,000. Wabwerako wosazungulira bwinobwino, umayenda mogwedera pang'ono, koma mpweya ukusunga.

13 Sepitembala

Zinthu ziwiri zomwe ndinachedwa kuziona.

Choyamba ndi nthaka. Bwalo lathu lakuseri timalisesa tsiku ndi tsiku, ndinachotsa miyala yonse, ndipo lasalala ngati pakhonde. Galaundi yomwe amasewerapo ili ndi zitsinde za udzu, timaenje, ndi njira ya anthu oyenda pansi yodutsa pakati. Mpira woyenda pansi umatha kudumpha mita imodzi usanafike. Ku Kamuzu Stadium kuli kapeti, koma ana athu sasewera kumeneko. Tsopano Lamlungu tikachoka kutchalitchi timapita kugalaundi komweko n'kusankha dala malo oipa. Ndimamupatsira mwamphamvu ndipo iye waphunzira kuika thupi kumbuyo kwa mpira, kuti phazi likaphonya ntchafu kapena msongolo zitchinge.

Chachiwiri ndi jombo. Kunyumba amaphunzira ndi nsapato za kanivasi zomukwana bwino. Jombo zake zosewerera ndinagula chaka chatha zokulirapo ndi manambala awiri kuti akule nazo, monga timachitira tonse, ndipo ankapanikiza nyuzipepala kutsogolo. Phazi limasewera m'katimo, ndiye mpira ukakhudza nsonga iye saumva. Ndapeza zomukwana pa kaunjika pa K30,000. Zazikuluzo tasunga. Kuyambira pano kuphunzira konse akuvala zomwe adzavale pa masewero.

25 Okutobala

Kunatentha kwambiri lero ndipo masewero anayamba cha m'ma 3 koloko. Mpira unamupeza maulendo 19, analandidwa 6. Pa 6 imeneyo, inayi inali mipira ya m'mwamba.

Mphindi imodzi ndiyofunika kuilemba. Chigawo chachiwiri, wotchinga kumbuyo wa timu ya mwana wanga anali ndi mpira. Ndinaona mutu wa mwana wanga ukucheukira kumanzere, kenako kwa mnzakeyo, kenako kumanzerenso, mpira usanamenyedwe n'komwe. Womulonda anali akubwera mwaliwiro kudzera kuphewa lamanja. Pasi inabwera yolimba, ikudumphadumpha pa zitsinde. Iye anatsegula thupi, anaulola udutse, n'kuukhudza kamodzi ndi mkati mwa phazi lamanzere kulowera komwe kunalibe munthu. Womulondayo anapitirira yekha mu fumbi. Kukhudza kwachiwiri kunali pasi yopita kumphepete. Sichinakhale chigoli, goloboyi anagwira, koma akochi anatembenuka n'kundiyang'ana pomwe ndinaima.

Ndalama zonse kuyambira Meyi zakwana K141,000. Zomwe zinapita pachabe ndi K27,000 ya mpira woyamba uja. Ndikanati ndiyambirenso, bokosi la phulusa ndikanalisiya pakatha masabata atatu okha, ndipo anzake ndikanawaitana mu Juni.

8 Novembala

Mvula yoyamba yagwa Lachinayi ndipo bwalo lakuseri ndi matope okhaokha. Thabwa talipukuta n'kulikweza pakhonde. Thabwa lapakati layamba kung'aluka pomwe mpira umagunda kwambiri, ndiye mmisiri akuti tilitembenuze mkati kunja m'malo mogula lina.

Mwana tsopano ali Sitandade 8. Amayi ake anena mosapita m'mbali kuti mpaka mayeso adzalembedwe, mpira wapakhomo ndi kawiri pa sabata, ndipo ine ndagwirizana nawo. Masiku awiriwo apita ku mipira ya m'mwamba. Akaona mpira ukutsika amatseka maso n'kutembenuza phewa, ndiye tayambira pafupi kwambiri: ndimaima mapazi atatu, ndimauponya ndi manja mofatsa, mpira nditauphwetsa pang'ono, iye n'kulandira ndi ntchafu kaye tisanafike pa chifuwa. Dzulo pakhonde, pa mipira 20, maso anakhala otsegula pa 9.